Bowo la M'khoka la Vince

M'mawa wa tsiku loti maboti ogwira mapuloni, tinkhanu todyedwa ta m'nyanja, anyamuke padoko la Karumba, Vince Lendich anakwera m'boti lake la Zorka n'kupeza khoka lake latsopano lili lendelende pamlongoti, chakumchira kwake kuli chibowo choti munthu n'kulowamo osawerama. Pansi pa chibowocho panakhala mlamu wake Alby, mpeni uli pambali, akumwa tiyi ndi nkhope ya munthu amene wagwira ntchito yotamandika.

Vince anayang'ana bowo, anayang'ana Alby, n'kubwereranso kubowo.

"Alamu, wachita zimenezi ndani?"

"Ndine," anatero Alby. "Mwadzuka bwanji?"

"Ndinadzuka bwino. Mpaka pachipata paja ndinali munthu wosangalala. Khoka langa mwalidula chifukwa chiyani?"

"Munandiuza dzulo."

"Ine?"

"Inuyo. Munaima pamene pali ndowapo."

Alby anakwatira Glenys, mlongo wake wa Vince. Moyo wake wonse anali wokonza mipanda m'mafamu a ng'ombe a kumtunda, mpaka chilala chinamulanda ntchito. Glenys, amene theka la botilo linali lake chimwalirireni bambo awo, ndiye anamubweretsa kunyanja. Alby anali munthu wamphamvu, sankadwala ndi mafunde, mowa sankaulawa. Vuto lake linali limodzi: mawu ankawamva ndendende mmene atulukira pakamwa. Tsoka lake, Vince anali munthu amene kawirikawiri sankanena zimene akutanthauza.

Chaka chimenecho kunabwera lamulo loti khoka lililonse la mapuloni likhale ndi sefa yachitsulo m'kati. Mapuloni azidutsa pakati pa mipiringidzo n'kukagwera kumchira, koma kamba wa m'nyanja kapena shaki akagunda sefayo azitulukira pabowo la pamwamba. Sefa Vince anagula, akutukwana. Bowolo ndi limene ankalizengereza.

"Ndinati chiyani kwenikweni?" anafunsa.

"Ndinakufunsani kuti bowo la akamba ndidule lalikulu bwanji. Inu munati, 'Dulani basi, alamu, dulani loti ng'ombe n'kudutsa.'"

"Ndiye mwadula loti ng'ombe n'kudutsa."

"Yaikazi. Nkhunzi ingavutike ndi linunda."

Vince anavula chipewa n'kuchiyang'ana m'kati ngati yankho lili m'menemo.

"Mukadanena kuti nkhunzi ndikadawonjezera," anatero Alby.

"M'nyanja muno munaonamo ng'ombe, alamu?"

"Kamodzi, chigumula chitangotha. Koma inali yakufa."

"Ndinkanyoza. Kunyoza kumene. Munayamba mwakumvapo?"

"Mumanyoza ndani?"

"Boma."

"Boma panalibe. Tinalipo awiri."

Vince anakhala pabokosi la zingwe. Mtsinje wa padokopo unali utaphwa monga umachitira madzi a m'nyanja akabwerera, matope ali mbee, ndipo madzi akadzaza chakumasana maboti onse ankayenera kutuluka. Anayamba kufotokoza pang'onopang'ono, monga amachitira munthu polankhula ndi wodwala malungo, kuti bambo ake anakalamba akusoka mabowo m'makoka, agogo ake chimodzimodzi, ndiye lero munthu wina wa mu ofesi, amene nyanja amaionera pakalendala, wadzuka n'kuganiza kuti khoka labwino ndi lobooka.

"Mapuloni onse atulukira pamenepo," anamaliza motero.

"Bowolo si lawo. Ndi la akamba."

"Eti? Ndiye mapuloniwo akudziwa zimenezo? Munawauza?"

"Ayi. Ndikanawauza bwanji?"

"Alembereni chikwangwani. 'Khomo la akamba okha, mapuloni pitirirani kutsogolo.'"

Maso a Alby anapita pachitini cha penti chimene chinali pakona.

"Musakhudze penti," anatero Vince msanga.

"Ndimangoganiza kuti m'madzi ingafufutike."

"Musaganize, alamu. Mukaganiza ndi pamene ndimaluza katundu."

Alby anamwa tiyi wake. Kenako, mopanda cholinga chilichonse choipa, anakumbutsa mlamu wake za kamba wa chaka chatha, wamkulu ngati chitseko, amene anagwera m'khoka n'kupondereza mapuloni onse mpaka kusanduka phala. Anakumbutsanso kuti pomukweza kuti amubweze m'madzi Vince anathyoka msana n'kugona m'kachipinda kake akuitana amayi ake, ndi kuti masiku ena iyeyo Alby ankaswera ndi fosholo, kukankhira m'nyanja tinsomba takufa timene palibe ankatifuna, mbalame ndi mashaki zikutsatira boti ngati anthu otsatira maliro a munthu wolemera.

"Sindinaitane amayi," anatero Vince.

"Munaitana. Munati, 'Mayi wanga ine.'"

"Amenewo ndi mawu chabe."

"Nanenso ndinadabwa, poti anamwalira kale."

 Vince naye sankakondwa kuona tinsombato tikuyandama chagada kumbuyo kwa boti, ndipo kamba uja atamira osapalasa, anakhala tsiku lonse osalankhula ndi munthu. Koma nyengo yatha inali yoipa, ndipo Glenys anali atanena kale, mosanyoza konse, kuti ikabwerezanso agulitsa theka lake ku kampani ya maboti ambiri. Zikatero Zorka, boti lotchedwa dzina la mayi awo, lidzayendetsedwa ndi munthu wina wolembedwa ntchito. Kwa Vince, puloni aliyense wotulukira pabowolo ankanyamula kachidutswa ka botilo.

Anaimirira.

"Mverani bwino, alamu, chifukwa tsopano sindikunyoza. Sindikufuna bowo m'khoka langa."

Alby anayang'ana khoka kuchokera kumwamba mpaka pansi.

"Khoka lonse ndi mabowo, alamu."

"Ndikudziwa."

"Ndi mabowo omangidwa ndi ulusi. Ndisoke onse? Nyengo itha ndisanafike pakati."

"Ang'onoang'onowo asiyeni. Ndawakhululukira."

Ndiye anamufotokozera nzeru yake, mawu atatsitsa chifukwa paboti loyandikana nalo panali anthu. Pamwamba pa bowo la akamba pamakhala chinsalu cha ukonde chophimbira. Munthu atasoka bowolo kunsi ndi ulusi wakuda, chinsalucho n'kuchigwetsera pamwamba, woyendera wa boma angoona sefa ili m'malo, n'kudutsa. Woyenderayo, mayi Quill, anali atayamba kale kumapeto kwa doko, ndipo aliyense ankadziwa kuti boti lopezeka ndi bowo lotseka likhala pachingwe anzake akupita.

"Akandifunsa?" anatero Alby.

"Sakufunsani."

"Anthu amakonda kundifunsa zinthu."

"Akakufunsani ngati bowo lilipo, munene kuti lilipo."

"Lidzakhalapo?"

"Lidzakhalapo, lotseka."

"Ndiye ndinene kuti lilipo, lotseka."

"Mawu omalizawo muwameze."

"Akafunsa ngati ndi lotseka?"

"Munene kuti simukudziwa."

"Koma wosoka ndine."

"Ndiye musoke mutatsinzina."

"Ndidzibaya."

"Dzibayeni. Magazi ndi anu."

Alby anaika kapu pansi n'kuyang'ana zala zake mwachisoni.

"Uku n'kunyoza, alamu?"

"Theka."

"Theka liti?"

Vince anapuma mozama. Anazindikira kuti akakhalabe pamenepo, Glenys akhala wamasiye madzi asanadzaze, ndipo mlandu wake ukhala wovuta kuufotokoza pachakudya cha Khirisimasi. Nyama ndi buledi za paulendo zinali zisanatengedwe kusitolo. Anavala chipewa n'kuponda thabwa lotsikira.

"Ndikupita kusitolo. Pobwera ndipeze mutasoka. Akakufunsani kanthu, tsinzinani n'kunena kuti simukudziwa. Basi."

"Ndisoke liti, poti ang'onoang'ono mwawakhululukira?"

"Lalikulu kuposa onse. Ngakhale inu simungaliphonye."

"Lalikulu kuposa onse," anabwereza Alby.

"Ndipo musandifunsenso china."

Kusitolo Vince anachedwa. Kunali mzere wa asodzi, aliyense akudandaula za sefa, ndipo iye anadandaula kuposa onse. Analumbira pamaso pa anthu kuti tsiku limene adzakokere khoka lobooka mwa kufuna kwake, anthu adzamugulire diresi n'kumuveka. Anthu anaseka, wina anamugulira chitumbuwa cha nyama, ndipo anatuluka mtima uli m'malo, katoni ili paphewa.

Mtimawo unachoka m'malo atafika padoko. Mayi Quill anali akutsika m'boti loyandikana ndi Zorka, tepi yoyezera ili m'manja. Anali mayi wamfupi, wa chipewa chachikulu, amene asanalowe ntchito ya boma anagwirapo m'maboti, choncho kuwanamiza kunkafuna luso. Vince anawapatsa moni waulemu umene sanaupatsepo munthu chibadwire. Anawafunsa za ulendo, za kutentha, za ng'ona imene inaoneka pafupi ndi doko, uku akuyenda chammbali ngati nkhanu kuti awatchingire boti lake. Ankafuna kuti Alby apeze mpata wogwetsa chinsalu chija.

Mpatawo Alby anaupeza, koma anaugwiritsa ntchito ina. Anatulutsa mutu kuseri kwa khoka n'kukuwa kuti doko lonse limve.

"Alamu, ndatsala pang'ono kumaliza kusoka, monga munanenera!"

Mayi Quill anayang'ana Vince. Vince anayang'ana kumwamba, kumene kunalibe ngakhale kamtambo koti munthu n'kunenapo kanthu.

"Akusoka malaya," anatero.

"Ayi, khoka," anakonza Alby.

Mayiwo anakwera m'boti osapempha. Vince anawatsatira, akuona kale Zorka lili lokha padoko nyengo yonse, akuona Glenys akusaina mapepala a kampani. Anaika katoni pansi n'kudikira kuti amve mawu omupha.

Mawuwo sanabwere. Mayi Quill anapita kumchira kwa khoka, anatukula chinsalu, ndipo chibowo chija chinali pompo, chotsegula ngati khomo la shedi. Palibe ulusi ngakhale umodzi umene unadutsapo. Anatulutsa tepi yawo n'kuyamba kuyeza.

Vince anatembenuka pang'onopang'ono. Alby anali mbali ina ya boti, atakhala pakati pa mulu wa ukonde, singano ili m'manja. Chingwe cha pamwamba cha khoka ndi cha pansi anali atazilumikiza bwinobwino, mfundo zake zoongoka ngati mpanda wa famu yabwino.

Vince anamuyandikira n'kunong'ona.

"Mwasoka chiyani apa?"

"Lalikulu kuposa onse."

"Kumeneko ndi kukamwa kwa khoka."

"Ee. Ndinayeza onse awiri. Ili ndi lalikulu kutalitali."

"Mapuloni amalowera kumeneko, alamu."

"Nanenso ndinadabwa. Koma munati ndisakufunseninso."

"Ndiye tikagwira chiyani?"

"Palibe. Ndimayesa mwasintha mtima chifukwa cha tinsomba tija."

"Ndasintha mtima, inde. Tizingoyenda panyanja kuwotcha mafuta, tikupatsa moni akamba."

"Glenys sakondwa nazo."

"Iwe Alby," anatero Vince mano atalumana, ndipo aka kanali koyamba kumutchula choncho chikwatirireni mlongo wake.

Sanamalize, chifukwa mayi Quill anali atafika kumbuyo kwawo. Anayang'ana msokowo nthawi yaitali, anaugwira, anayamikira mfundo zake, kenako anafunsa Alby kuti wasoka kukamwa kwa khoka ndani, ndipo chifukwa chiyani.

Alby anayang'ana mlamu wake. Anakumbukira malangizo. Anaimirira bwinobwino, singano ili m'manja, ulusi wake ukulendewera mpaka kukhoka, n'kutsinzina zolimba.

"Sindikudziwa, mayi."

Paboti loyandikana nalo wina anatsamwa ndi tiyi. Mayi Quill anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Anati pa zaka zonse zimene akhala akuyendera maboti, anaonapo asodzi otseka khomo lotulukira, ena olichepetsa, ena olimangirira ndi waya, koma anali asanaonepo msodzi wotseka polowera n'kukulitsa potulukira. Anafunsa Vince ngati walowa mpingo wina woletsa kupha nsomba.

"Ndi chikondi, mayi," anatero Vince. "Timazikonda kwambiri zamoyo za m'nyanja. Usiku sitigona poziganizira."

"Iwo amagona," anatero Alby, maso akadali chitsinzinire. "Amachita nkonono."

"Tsegulani maso, alamu."

"Atha kufunsa?"

"Atha."

Mayi Quill analemba m'buku lawo kuti Zorka lakhoza. Koma mayiwo sanatsike msanga. Anabwerera pabowo lija n'kuyamba kulankhula ndi mawu a mphunzitsi wa sukulu ya mkaka, mokweza kuti maboti a mbali zonse amve. Anati bowolo laposa muyezo wa lamulo kutali, ndipo mlandu palibe, koma munthu wodziwa ntchito sangadule chotero. Anati asodzi achikulire ambiri zinthu zatsopano zimawasokoneza, ndipo si chamanyazi kupempha thandizo. Anamusisita Vince paphewa.

"Sokani theka lake, bambo Lendich. Chitani zimene ndikukuuzanizi, mudzandithokoza."

Anatsika n'kupita kuboti lotsatira. Vince anatsala ataima, dzanja lili paphewa pamene anamugwirapo, khosi likufiira kuyambira m'kolala kukwera m'makutu. Kuchokera kuboti loyandikana nalo kunamveka mawu ofunsa ngati diresi lija alifuna la maluwa kapena lamizeremizere.

Madzi anali atayamba kukwera. Vince anauza Alby kuti amasule kukamwa kwa khoka, ndipo anasankha mawu ake mosamala ngati munthu woyenda paminga: amasule ulusi umene iye Alby wasoka lero, wokhawo, osati wa kufakitale. Anagwira ntchitoyo awiri, maboti ena akuliza mainjini n'kumasula zingwe. Itatha, Alby anatenga singano, anaikamo ulusi watsopano n'kulunjika kumchira kwa khoka.

"Mukupita kuti?" anafunsa Vince.

"Kukasoka bowo la akamba. Theka lake."

"Wakutumani ndani?"

"Mayi aja. Komanso inu, chiyambire m'mawa. Inu mumafuna lonse, iwo akuti theka, ndiye mwakumana pakati."

"Takumana?"

"Ee. Boma lagwirizana nanu, alamu. Mukufuna chinthu chimodzi."

"Ine ndi boma."

"Inu ndi boma. Ndikauza Glenys, asangalala. Amati simumva za munthu."

"Ndipo doko lonse lione Vince Lendich akusoka khoka lake chifukwa mayi wa tepi wamusisita paphewa."

"Lione, ee. Onse akuyang'ana kuno."

Vince anacheuka. Zinali zoona. Paboti lililonse panali mitu, ndipo ngakhale mayi Quill anali ataima patali, manja m'chiuno, kudikira kuti aone ngati mwana wasukulu wamva. Vince anadutsa mlamu wake, anakaima kutsogolo kwa chibowo chija n'kutambasula manja ngati munthu wotchinga khomo la nyumba yake.

Alby anaima, singano ili m'mwamba.

"Uku n'kunyoza, alamu?"

"Ayi. Ikani singanoyo pansi, mukamasule chingwe tizipita. Bowo ili ndi langa, ndipo palibe wa boma amene angandiuze kukula kwake."